Zolemba za ntchito: RPC ikukanika pakati pa Nchalo, Bangula ndi Nsanje

Lolemba, sabata yoyamba

Dandaulo lochokera ku Nsanje ndi ili: munthu tikamusinthira pasiwedi kuno ku Nchalo, makompyuta a kumeneko akuikana yatsopanoyo n'kumalandirabe yakale. Mtsikana amene analembedwa ntchito mwezi watha akawunti yake ilipo kuno, koma ku Nsanje sakudziwika, ndiye akugwira ntchito ndi dzina la mnzake. Pa bungwe lobwereketsa ndalama kwa alimi, zimenezi n'zosaloledwa ngakhale tsiku limodzi.

Kwa amene adzawerenge zolembazi asakudziwa mmene zinthu zinayalidwira: seva yaikulu ili ku Nchalo. Ndi Windows Server 2019, ndipo ndi imene imasunga Active Directory, kaundula wa maakawunti onse. Ina yothandizira ili pa boma ku Nsanje. Ku Ngabu ndi ku Bangula kulibe seva, kuli makompyuta ndi mapulinta basi. Ofesi iliyonse ili ndi rauta ya MikroTik, ndipo zonse zimalumikizana ndi Nchalo kudzera pa VPN ya WireGuard, njira yobisika yodutsa pa intaneti. Nchalo yokha ndiyo ili ndi intaneti yokhazikika ya adiresi yakeyake. Maofesi enawo amadalira simukhadi za 4G.

Ndalemba repadmin /replsummary pa seva ya Nchalo kuti ndione ngati maseva awiriwa akugawana kaundula bwino. Yankho lake ndi nambala 1722, yomwe mawu ake pa sikirini amati "The RPC server is unavailable". RPC ndi njira imene pulogalamu ya pa kompyuta imodzi imapemphera ntchito kwa ya pa kompyuta ina. Abwana atawerenga uthengawo anafunsa ngati tiyambe kufunafuna ndalama ya seva yatsopano. Ndawauza kuti adikire kaye. Seva ya Nsanje ili moyo, ping (kayeso koona ngati makina akufikirika) ikuyankha, mafayilo akutseguka. Uthengawu umangonena kuti kompyuta yoitana sinamve yankho, sunena komwe mawu anathera.

Lachiwiri

Test-NetConnection, yoyesa ngati port (chitseko cha pa netiweki) ikufikirika, kupita ku Nsanje pa port 135 yabwera True. Apa m'pamene anthu ambiri amasiyira n'kunena kuti firewall, chotchinga chosankha zodutsa pa netiweki, ilibe mlandu, pamene kwenikweni ntchito ili pakati.

RPC ya Windows imalankhula kawiri. Port 135 ili ngati mlonda wa pageti: ukafika umamufunsa kuti amene ukufunayo ali chipinda chiti, iye n'kukuuza nambala ya chitseko, iwe n'kupita kukagogoda kumeneko. Ntchito yeniyeni imachitikira pa port yachiwiriyo, ndipo seva imasankha yokha nambala yake ikamayaka, mwakuti lero ikhoza kukhala ina, ikadzayakanso ina. Kuyambira pa Windows Vista ndi Server 2008, manambala amenewa amatengedwa pakati pa 49152 ndi 65535. Zisanafike zimenezo, pa Windows XP ndi Server 2003, ankatengedwa pakati pa 1025 ndi 5000.

Ndagwiritsa ntchito PortQry, kapulogalamu kakang'ono ka Microsoft: portqry -n dzina la seva -e 135. Imatulutsa mndandanda wa zonse zimene zalembetsa pa 135 ndi port yake. Yokopera kaundula pakati pa maseva imadziwika ndi nambala yoyamba ndi e3514235, ndipo inali pa port ya m'ma 49600. Nditayesa port imeneyo mwachindunji, PortQry yati FILTERED. Kusiyana kwa mawuwa n'kofunika. NOT LISTENING ikutanthauza kuti wafika koma palibe woyankha, ndiye vuto lili pa seva. FILTERED ikutanthauza kuti china chake m'njira chameza paketi, kachidutswa ka uthenga, mwakachetechete.

Chomezacho ndachipeza pa rauta ya Nchalo. Pali lamulo lolola ma port 53, 88, 135, 389, 445, ndi 1025 mpaka 5000, kenako lamulo lotaya china chilichonse. Mndandandawu ndi wabwinobwino, kungoti ndi wa nthawi ya Server 2003. Kontirakita amene anabwera kudzakhwimitsa chitetezo cha marauta miyezi yapitayi ayenera kuti anaukopera pa malangizo akale.

Ndisanakhudze chilichonse ndayamba ndaona repadmin /showrepl kuti ndidziwe tsiku lomaliza limene maseva awiriwa anagawana kaundula. Chifukwa chake n'chakuti akawunti ikafufutidwa, Active Directory imasunga chizindikiro chakuti yafufutidwa kwa masiku owerengeka, omwe pa madomeni (magulu a makompyuta a kaundula mmodzi) ambiri a masiku ano ndi 180, ndipo pa ena akale ndi 60. Seva ikakhala payokha kupitirira pamenepo, Windows imakana kuiphatikizanso ndipo imalemba Event 2042, poopa kuti maakawunti ofufutidwa angadzukenso. Yathu ndi ya 180 ndipo sitinafikepo. Koma kuno ku chigwa malire amenewa si nthano. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo kukonza kunatenga nthawi yopitirira chaka. Freddy mu Malichi 2023 anadula misewu ndi mizere ya magetsi. Seva ya ofesi ya kumunsi ikhoza kukhala chizimire miyezi popanda wina kuwerenga masiku.

Lachitatu

Tinali ndi njira ziwiri ndipo tinakambirana ndi mnzanga wa ku Blantyre pafoni nthawi yaitali.

Yoyamba ndi kukhomerera RPC pa ma port odziwika. Zimatheka: mu registry, mosungira masetingi a Windows, pa NTDS\Parameters umaika "TCP/IP Port", pa Netlogon\Parameters umaika "DCTcpipPort", ndipo ziwirizi zisapatsidwe nambala imodzi. Kukopera kwa SYSVOL, chikwatu cha malamulo a domeni, kumafunanso dfsrdiag staticrpc payokha. Ukatero umayatsanso seva, ndipo pa rauta umangotsegula ma port ochepa. Mnzangayo amaikonda njira imeneyi chifukwa imaoneka yaukhondo papepala, ndipo oyendera mabuku akabwera amakondwa.

Yachiwiri ndi kutsegula 49152 mpaka 65535 yonse, ma port 16,384, koma mkati mwa VPN mokha, komanso kulowera ku maadiresi awiri a maseva basi.

Ndasankha yachiwiri. Maganizo anga ndi akuti zinthu zobisika mu registry zimaiwalika. Ine ndikachoka, kapena seva ikadzaikidwa yatsopano ndi munthu wobwera tsiku limodzi kuchokera kumtunda, makiyi amenewo sadzawaona, ndipo 1722 idzabweranso popanda wodziwa chifukwa. Lamulo la pa rauta limaoneka ndi maso, ndipo ndalilembera ndemanga m'Chichewa pambali pake. Komanso kukhomerera sikumaliza nkhani, pakuti pulinta ndi zigawo zina za Windows monga WMI ndi Task Scheduler zimasankhabe ma port awo. Chitetezo chenicheni chili pa funso lakuti ndani akuloledwa kulankhula ndi ndani, osati pa kuchuluka kwa manambala.

Chomwe sindingalole ndi 135 kuonekera kunja pa intaneti. Kachilombo ka Blaster mu Ogasiti 2003 kanafalikira padziko lonse kudzera pa port imeneyi. Ndatsimikiza kuti mbali ya kunja ya marauta onse anayi ndi yotseka.

Pa rauta ndawonjezeranso ma port 464 ndi 3268 omwe sanali pa mndandanda uja, ndi UDP 123 ya nthawi.

Lachinayi

1722 yachoka. M'malo mwake kwabwera 1726, "The remote procedure call failed". Ena angadandaule, ine ndaona ngati tapita patsogolo, chifukwa nambala imeneyi imabwera kulumikizana kutayamba kale n'kudukira pakati.

Pa Wireshark, pulogalamu yoonera mapaketi odutsa, vutoli likuoneka bwino. Moni wa TCP akudutsa, mapaketi aang'ono oyamba akudutsa, ndiye seva ikangotumiza paketi yodzadza, chete. Imabwereza, chete, imabwerezanso mpaka kutopa. Zizindikiro zotere ndi za MTU, kukula kwa paketi imene njira ingathe kunyamula.

Mayeso ake ndi ping -f -l ndi nambala. Pa netiweki wamba ya 1500, nambala yaikulu yodutsa ndi 1472, chifukwa mabayiti 28 amapita ku mitu ya IP ndi ICMP. WireGuard imayamba ndi MTU ya 1420, ndiye mkati mwake timayembekezera kuti 1392 idutse. Kupita ku Ngabu yadutsa. Kupita ku Bangula ndi ku Nsanje sinadutse, ndipo sipanabwere ngakhale uthenga wakuti paketi yakula, yangosowa. Ndinatsika pang'onopang'ono mpaka 1340, pamene inayamba kuyankha. Kuphatikiza 28 ndi 1368, kuphatikizanso 60 amene WireGuard imaonjezera pa IPv4 ndi 1428. Ndiye kuti njira ya 4G ya maofesi awiriwa imanyamula zochepera 1500. Ngabu ili pa simukhadi ya kampani ina, n'chifukwa chake kumeneko kunalibe vuto.

Mwa malamulo a intaneti, rauta ikalandira paketi yaikulu kuposa njira, yoletsedwa kuiduladula, imayenera kubweza uthenga wa ICMP, mtundu 3 kodi 4, wouza wotumiza kuti achepetse. Dongosolo limeneli linalembedwa mu RFC 1191 chaka cha 1990. Koma pa marauta athu kontirakita uja anatseka ICMP yonse kupatula ping, poganiza kuti ndicho chitetezo. Zimenezi ndimaziona kawirikawiri ndipo zimandinyansa, chifukwa zimaononga zinthu mwakabisira. Imelo yaifupi imapita, tsamba laling'ono limatseguka, koma chilichonse cholemera chimangoima.

Ndachita zitatu. MTU ya WireGuard ku Bangula ndi ku Nsanje, ndi mbali ya Nchalo yoyang'ana kumeneko, ndaika 1360. Pa rauta, mu gawo la mangle, ndaika lamulo la change-mss pa mapaketi a SYN oyambitsa kulumikizana kuti MSS, kukula kwa katundu wa m'paketi, isapitirire 1320, yomwe ndi MTU kuchotsa 40. Ndipo ICMP mtundu 3 ndaitsegula. Nditalemba repadmin /syncall /AdeP, yokakamiza maseva kugawana, kaundula wadutsa wonse popanda cholakwa. Madzulo amayi oyang'anira ofesi ya Nsanje aimba kuti mtsikana uja walowa ndi dzina lake.

Lachisanu

Bata. Ndaona kuti SYSVOL nayo yafanana mbali zonse. Maakawunti a anthu amene anasiya ntchito, omwe ku Nsanje anali akadali otseguka nthawi yonseyi, tsopano atsekeka. Ndapempha a zachuma kuti aone ngati ena mwa iwo anagwiritsidwa ntchito m'miyezi imeneyi.

Lolemba, sabata yachiwiri

1722 yabweranso, koma kwina. Kuchokera ku Nchalo sindikutha kutsegula Event Viewer, yoonetsa zochitika pa kompyuta, ya makompyuta a ku Bangula, ndipo Invoke-GPUpdate, yowauza kuti atenge malamulo atsopano a domeni, ikukana. Lachisanu zinkatheka. Pa rauta palibe chasintha.

Ndapita ku Bangula pa minibasi. Kutentha kwa Okutobala kwafika poti m'chipinda cha rauta khoma likuotcha, ndipo kabokosi kake wina anakaphimba ndi nsalu poteteza fumbi. Ndachotsa nsaluyo, ngakhale si imene yabweretsa vutoli.

Pa kompyuta ya akawuntanti, Get-NetConnectionProfile yaonetsa Public m'malo mwa DomainAuthenticated. Firewall ya mkati mwa Windows ili ndi nkhope zitatu, Domain, Private ndi Public, ndipo malamulo athu olola RPC ali pa Domain pokha. Kompyuta ikamayaka imafufuza seva ya domeni. Ikaipeza imadziwa kuti ili kuntchito, ikapanda kuipeza imadziyesa ili pamalo achilendo n'kutseka zitseko. Loweruka magetsi anazima, anabwera Lolemba m'mawa anthu ali kale pa mipando. Kompyuta imayaka m'masekondi ochepa, pamene rauta iyenera kuyaka, simukhadi ipeze netiweki, VPN ilumikizane. Pofika nthawi imeneyo Windows inali itagamula kale kuti ili pa Public, ndipo siinabwererenso kukafunsa.

Bambo oyang'anira ofesiyi anali ndi yankho lawo.

"Achimwene, mphwanga wina anabwera kuno chaka chatha, anangoizimitsa firewall imeneyi pa kompyuta ya kutsogoloko, mpaka lero sivuta. Bwanji osangotero zonsezi, mupume?"

"Bambo, kompyuta imeneyo ndi imene anthu amabayapo mafulashi a nyimbo ndi zithunzi za ukwati?"

"Eya, imeneyo."

"Ndiye imeneyo ndiyo ndiyambira kuyatsa. Chikalowa pamenepo chinthu choipa, chifika pa mabuku a ngongole ku Nchalo kudzera njira yomweyi tikukonzayi."

Anaseka, anati ine ndi wouma mutu, koma kiyi wa chipinda anandipatsa.

Kuzimitsa firewall kumathetsadi 1722, n'chifukwa chake malangizo amenewa safa. Ine ndimaizimitsa mphindi imodzi yokha poyesa, kuti ndidziwe ngati ndiyo ikutchinga, kenako ndimaiyatsa n'kufufuza lamulo lenileni. Pa Windows palinso mwayi umene rauta ilibe: polemba lamulo ukhoza kusankha "RPC Endpoint Mapper" ndi "RPC Dynamic Ports" m'malo molemba manambala, ndipo firewall imatsegula port yokhayo imene pulogalamu yalembetsa panthawiyo. Malamulo athu mu Group Policy, njira yoperekera masetingi ku makompyuta onse a domeni, ndawalembanso motero, ndipo akulola maadiresi a maseva ndi kompyuta yanga basi.

Pa za Public ndachita ziwiri. Mu registry, pa NlaSvc\Parameters, ndaika AlwaysExpectDomainController kukhala 1, kuti kompyuta ya mu domeni izipitiriza kufufuza seva m'malo mogonja msanga. Izi ndaziika kudzera mu Group Policy kuti zizioneka pamalo amodzi. Koma chomwe ndikuchidalira kwambiri si registry. Rauta ndaichotsa pa soketi ya pakhoma n'kuilumikiza ku inveta ya sola imene inalipo kale yoyatsira mababu. Rauta imadya magetsi ochepa kwambiri. Ikakhala yosazima, makompyuta akamayaka apeza njira ili yotseguka kale.

Lachitatu

Ku Ngabu VPN ikumafa masana anthu akapita kukadya. Iwo akabwerera n'kutsegula fayilo imadzuka, koma ine kuchokera kuno sindingawafikire mpaka iwo atayamba. Adiresi imene rauta yawo yalandira pa simukhadi ikuyamba ndi 100.64, kusonyeza kuti ali kuseri kwa NAT ya kampani ya mafoni, pamene makasitomala ambiri amagawana adiresi imodzi ya kunja, ndipo NAT imeneyi imaiwala njira ikakhala duu kwa kanthawi. WireGuard payokha siilankhula ngati palibe chotumiza. Ndaika persistent-keepalive ya masekondi 25 pa marauta atatu a kumaofesi. Kapaketi kake n'kakang'ono moti bandulo siimva.

Lachinayi

Pulinta ya ku Nchalo ikukana laputopu zatsopano za alangizi akamasindikiza ali ku Ngabu, pamene makompyuta akale akusindikiza bwinobwino. Kuyambira pa Windows 11 22H2, kulumikizana ndi pulinta ya pa netiweki kumadutsa pa RPC ya TCP, osati pa 445 monga kale. Kompyuta yogawa pulintayo siinali pa mndandanda wa maadiresi ololedwa pa rauta. Ndaiwonjezera. Yatha.

Laputopu ina inabwera ndi 1398, yonena za kusiyana kwa nthawi. Kabatire ka wotchi ka mkati kanatha, ndipo Kerberos, amene amatsimikizira olowa mu domeni, salola kusiyana kopitirira mphindi 5. Iyi si nkhani ya firewall, ndangoilemba kuti wina asadzataye tsiku akufufuza pa rauta.

Lolemba, sabata yachitatu

Latsala ndi vuto la East Bank, kutsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire. Mlangizi wathu amene amayendera alimi a ku Makhanga ndi Muona amagwiritsa ntchito laputopu ndi kaMiFi kake. VPN imaonetsa kuti yalumikizana, koma gpupdate imakana, mafayilo satseguka. Kuti abwere nayo laputopuyo ku Bangula ayenera kuwoloka pa bwato pa Mtayamoyo, ndiye tinayesa kukonza pafoni, iye akuwerenga za pa sikirini, ine ndikumuuza zolemba.

Ipconfig yaonetsa kuti kaMiFi kakumupatsa 192.168.1.x. Netiweki ya Nchalo nayo ndi 192.168.1.0/24. Choncho laputopu ikafuna seva, imaganiza kuti seva ili pompo pa tebulo, ndipo paketi siilowa n'komwe mu VPN. Chachiwiri, mu fayilo ya WireGuard munalibe mzere wa DNS, womasulira dzina la kompyuta kukhala adiresi, ndiye dzina la seva linkafunsidwa kwa kampani ya mafoni, yomwe siingadziwe za domeni yathu. RPC imayamba ndi dzina. Dzina likapanda kumasuliridwa, uthenga umakhala 1722 yomweyo.

Kufika pano nambala imodziyi yatulukira pa zifukwa zinayi zosiyana: ma port akale pa rauta, nkhope ya Public, maadiresi ofanana, ndi DNS. N'chifukwa chake pa pepala limene ndamata m'chipinda cha seva ndalemba ndondomeko yoyesera motsatana: dzina likumasuliridwa kodi, 135 ikuyankha kodi, port imene PortQry yatchula ikuyankha kodi, ping ya 1300 ikudutsa kodi, kompyuta ili pa Domain kodi. Amene angadumphe n'kuyamba kuyatsanso seva azidzangozungulira.

Kwa mlangiziyu ndaika DNS kuloza ku seva ya Nchalo, ndipo tasintha kaMiFi kuti kazipereka 192.168.77.x. Zatheka, ngakhale zinatenga nthawi chifukwa netiweki inkaduka akasuntha pang'ono. Koma uku n'kumata chabe. Mlangizi wina akadzagula kaMiFi kake, kapena akadzalumikiza pa Wi-Fi ya pa malo ogona alendo, zidzabweranso, chifukwa 192.168.0, 192.168.1 ndi 192.168.8 ndi manambala amene zipangizo zambiri za m'masitolo zimabwera nawo. Mankhwala ake ndi kusamutsa Nchalo kupita ku 10.x, ofesi iliyonse ndi chigawo chake.

Lachitatu

Ndapereka pempho la kusamutsaku kwa abwana. Ntchitoyi ikhudza maseva onse awiri, DNS, DHCP, mapulinta, Sites and Services, ndi malamulo onse amene ndangolemba kumene pa marauta. Avomera kuti ichitike Loweruka la pakati pa mwezi, malipiro atadutsa komanso sabata yotolera ngongole isanafike. Ndawapempha kuti lisapitirire Novembala, chifukwa mvula ikayamba ulendo wa ku Nsanje sukhalanso wolonjeza, ndipo ntchito yosintha maadiresi ikalakwika imafuna munthu aime pamaso pa makina.

Sitinagwirizane pa za seva ya Nsanje. Mnzanga wa ku Blantyre akufuna isinthidwe ikhale yongowerenga, RODC, kuti ikabedwa kapena kumira isatenge mapasiwedi a bungwe lonse. Mfundo yake ndi yomveka. Nkhawa yanga ndi yakuti tikatero Nchalo idzakhala yokha yotha kulemba, ndipo Nchalo nayo ili m'chigwa momwemu. Ngati titsatire maganizo ake, pafunika seva ina yolemba ikhale kumtunda kwa Thabwa, ndipo imeneyo ndi bajeti ya chaka chamawa.

Pakadali pano ndaika kasikiripiti pa seva ya Nchalo kolemba repadmin /replsummary m'mawa uliwonse n'kunditumizira imelo ngati kugawana kaundula kwakanika kupitirira maola 24. Amayi a ku Nsanje ndawapempha kuti madzi akadzaopseza ofesi, azimitse seva bwinobwino, aikweze pamwamba pa kabati, ndipo anditumizire tsikulo pa WhatsApp kuti ndiyambe kuwerenga masiku 180 aja. Mawa ndikupita ku Ngabu kukaona ngati inveta ya kumeneko ingathe kunyamula rauta usiku wonse, chifukwa mabatire ake akuti akumatha isanakwane 2 koloko m'bandakucha.